Uphungu

Uphungu ndi malangizo amene munthu wodziwa zinthu amapereka kwa mnzake amene wathedwa nzeru. Wopereka malangizowo ndiye phungu, monga amachitira ankhoswe pabanja kapena anamkungwi kuchinamwali. Masiku ano achipatala amagwiritsanso ntchito mawuwa pothandiza anthu osweka mtima ndi omwerekera ndi mowa kapena chamba.

Mwachitsanzo, ku Makhanga, m'boma la Nsanje, madzi a Ruo ndi Shire adakokolola nyumba mu Januwale 2015, ndipo namondwe Freddy adabwerezanso mu Malichi 2023. Mayi wakumeneko amene amadzidzimuka mvula ikangoyamba usiku safunika kudzudzulidwa. Phungu weniweni amakhala naye pamphasa, amayankhula naye m'Chisena kapena m'Chimang'anja, amayamba wamvetsera, ndipo vuto likakula amamuperekeza kuchipatala.