Poliyo, chikhakha ndi mafizo: mbiri ya othandiza aulumali ku Mulanje

M'zaka za m'ma 1970 poliyo idali ikadalusa m'Malawi. Mwana ankatentha thupi masiku angapo, mwendo n'kulefuka, osadzaimanso. M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mulanje, monga m'madera ena, makolo ambiri ankayambira kwa sing'anga. Mwana ankatemedwa mphini, koma mwendo unkangowonderawondera mpaka iye kuzolowera kukwawa, khungu la m'mawondo litakhuthala.

Mu 1979 kudabadwa bungwe la Malawi Against Polio, lodziwika kuti MAP. Antchito ake ankayendera zipatala za m'maboma, kuyeza ana ndi kuwapangira zitsulo zochirikiza miyendo, ndodo ndi njinga zopalasa ndi manja. Koma odziwa ntchitoyi adali ochepa zedi, ndipo madokotala a mafupa m'dziko lonse sankadzaza ndi dzanja limodzi lomwe.

Apa dziko lidasankha kusadikira akatswiri. Mu 1985 Dr Ed Blair wa ku Canada adayambitsa maphunziro a miyezi 18 mu Blantyre, otenga anthu amene ankagwira kale ntchito m'zipatala ngati othandiza madokotala n'kuwaphunzitsa kubwezeretsa fupa lothyoka, kumanga chikhakha, kuwongola ziwalo zokhwinyata ndi kuchita maopaleshoni ang'onoang'ono. Akamaliza ankatumizidwa m'maboma. Maphunzirowa adaima zaka zingapo, n'kuyambiranso mu 1998. Lero wakabaza akathyoka mwendo pamsewu wa ku Muloza, womulandira pachipatala cha boma ndi mdzukulu wa ganizo limenelo. Pamapepala ndi Orthopaedic Clinical Officer, koma odwala amangoti adokotala a mafupa, ndipo sakulakwitsa.

Luso lawo limaonekera bwino pa khanda lobadwa ndi mapazi opindika. Potsatira njira ya Ponseti, yomwe idafala m'dziko muno chipatala cha Beit CURE chitatsegulidwa mu 2002, phazi amaliwongola pang'onopang'ono ndi manja, kulimanga chikhakha, n'kuchisintha sabata iliyonse, kawirikawiri kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Kenako amacheka pang'ono mtsempha wa kuchidendene, mwana n'kuvala nsapato zolumikizidwa ndi chitsulo, poyamba usana ndi usiku, pambuyo pake pogona pokha, mpaka zaka zinayi. Zipangizo zake n'zosalira zambiri. Chovuta ndi ndalama yoti mayi wothyola tiyi akwerere galimoto sabata ndi sabata, ndipo apa m'pamene ana ena amasiyira chithandizo panjira.

Katemera atagonjetsa poliyo, MAP idasintha dzina kukhala Malawi Against Physical Disabilities, chifukwa odwala nawonso adasintha: ana ovulala ubongo pobadwa kapena ndi malungo aakulu, akuluakulu akufa ziwalo ndi sitiroko, ndi ovulala pangozi. Ambiri mwa awa safuna chikhakha, amafuna mafizo a miyezi yambiri. Ku Kachere Rehabilitation Centre mu Blantyre adayamba kusula ophunzira a ntchitoyi kumapeto kwa m'ma 1990, ndipo mu 2010 College of Medicine, yomwe tsopano ili mu yunivesite ya KUHeS, idatsegula digiri ya fiziyotherapi.

Mulanje payokha ili ndi sukulu ya boma yophunzitsa ntchito zamanja kwa osaona, komanso koleji ya anamwino ndi azamba pa Mulanje Mission. Anamwinowa ndiwo amayamba kuona phazi lopindika, mwana akangobadwa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Ambiri mwa iwo ali kumudzi, pomwe maphunziro a mafupa ndi mafizo atchulidwawa adakulira mu Blantyre. Wophunzira amene sadaonepo agogo a sitiroko atagona pamphasa, chimbudzi chili patali ndi nyumba, sadakhwime. Makoleji azitumiza ophunzira awo ku Chonde, ku Mimosa ndi ku Muloza asadawapatse masatifiketi, ndipo akamaliza boma liwalembe ntchito kumeneko.