Alendo a mumlengalenga: mbiri ya mbalame zodutsa ndi zosochera ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Okutobala akafika pakati, ku Dowa ndi ku Ntchisi maso a anthu amakhala pansi. Wina ali kalikiliki kuthirira nazale ya fodya kudambo, wina akugalauza munda, wina akuwerengera ngati ndalama ya feteleza ikwane. Kumwamba amayang'anako pofuna mtambo basi. Komatu ndi m'masabata omwewa, utsi wa lupsa uli tolotolo m'zigwa, pamene mlengalenga mwa mapiriwa mumadzaza alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia, kumene chisanu chimakhala chayamba kuluma.

Njira yawo ili ndi chifukwa. Phiri la Ntchisi ndi mapiri a Dowa ali pamlomo pa chigwa chachikulu cha Rift Valley, pomwe dziko limatsetsereka kuchoka ku chidikha cha chigawo chapakati kukafika kunyanja. Amene anatsikapo msewu wa ku Salima kudzera pa Mvera akuudziwa mtsetsewu. Dzuwa likaotcha matanthwe, mpweya wotentha umakwera, ndipo mbalame zikuluzikulu monga dokowe ndi mphamba zimangotambasula mapiko n'kumazungulira mpaka zitakwera nawo patali, kenako n'kuyandama kulunjika kummwera osakupiza n'kamodzi komwe. Pamwamba pa nyanja yamchere mpweya woterewu palibe. N'chifukwa chake dokowe woyera wa kummawa kwa Ulaya amawolokera pa Bosphorus mumzinda wa Istanbul, n'kuzungulira ku Israel ndi ku Egypt, n'kutsata mtsinje wa Nile ndi zigwa za kummawa kwa Africa. Timbalame ting'onoting'ono timayenda usiku. Katimba kotchedwa Willow Warbler kamalemera magalamu 9 okha, koma kamawoloka chipululu cha Sahara n'kudzapezeka kakudumphadumpha mumtengo wa mthethe kuseri kwa khola.

Makolo athu ankadziwa kalendala ya mbalamezi. Anamzeze akachuluka, mvula yayandikira. Lumbe wa nthenga zazitali m'mapiko amaoneka madzulo a nyengo yotentha. Dokowe wakuda amatera m'minda mvula ikayamba, makamaka kukabuka ntchemberezandonda. Koma kumene zimapita Epulo akadutsa kunali kongoganizira, ndipo pamenepa azungu sanatipose. Kwa zaka mazanamazana, ophunzira a ku Ulaya ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe nyengo yonse yachisanu. Ngakhale Carl Linnaeus, amene anayambitsa katchulidwe ka zamoyo komwe timaphunzira kusukulu lero, ankavomereza zimenezi.

Chinawatsegula m'maso ndi mkondo wa mlenje wa ku Africa. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, anthu anawombera dokowe amene anali ndi mkondo wautali pafupifupi masentimita 80 utapyoza khosi. Mbalameyo inauluka nawo ulendo wonse wobwerera kwawo. Mpaka lero ili ku yunivesite ya Rostock, mkondo uli chibayire. Mu 1899 mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta nambala kumwendo, ndipo mu Disembala 1912 namzeze amene anavekedwa mphete ku Staffordshire ku England anagwidwa pafamu ina ku Natal. Nkhani ya matope inathera pomwepo.

Kuno kwathu kulemba mbalame kunayamba ndi mfuti. Alexander Whyte, amene anabwera ndi Harry Johnston mu 1891, ankawombera mbalame ku Zomba ndi ku Mulanje n'kutumiza zikopa zake ku London. Mu 1930 Charles Belcher, woweruza milandu wochokera ku Australia, anatulutsa buku lotchedwa The Birds of Nyasaland. Nthawi imeneyo n'kuti nkhalango ya Ntchisi itakhazikitsidwa kale kukhala yotetezedwa mu 1924, nkhalango yomwe ija Achewa ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. Lamulo la masiku amenewo linali louma: ukanena kuti waona mbalame yachilendo, bweretsa chikopa. Kuona ndi maso sunali umboni.

Amene anaika maziko enieni ndi Constantine Walter Benson, yemwe anafika m'dziko muno mu 1932 kudzagwira ntchito yaboma m'maboma osiyanasiyana. Anatulutsa mndandanda wa mbalame za Nyasaland mu 1953, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wake Mary analemba The Birds of Malawi. Koma pamabuku amenewa pali dzina lomwe silili pachikuto. Jali Makawa, Mlomwe, anayamba ntchito kwa a Benson ali mnyamata, ndipo anakhala maso ndi makutu awo kwa zaka zoposa 30. Ankaisiyanitsa mbalame ndi kulira kokha, n'kuiitana poyeserera mawu ake mpaka itatulukira poyera. Mu 1945 a Benson anawatuma okha ku mapiri a Njesi ku Niassa, ndipo anabwerako ndi kambalame ka mlomo wautali komwe mpaka lero kamadziwika kudera lokhalo. Mu 1958 anali nawo paulendo wa ku zilumba za Comoros. Mu 1964, ku Mayau kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anagwira mbalame imene inapatsidwa dzina loti Pogoniulus makawai powalemekeza. Chigwidwireni imeneyo, ina yotere sinapezekenso, ndipo akatswiri akukanganabe ngati uli mtundu pawokha. Ine ndimaona kuti mwana wasukulu wa ku Malawi amene amaloweza dzina la Livingstone akanayenera kulimvako dzinali.

Mfuti itayamba kuikidwa pansi, m'malo mwake munabwera ukonde wopyapyala womwe mbalame imakodwamo osavulala. Apa m'pamene panaoneka kuti "kusowa" kwa mbalame zina kunali kusowa kwa anthu oziyang'ana. Ku Nchalo, m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mayi Dale Hanmer ankatchera maukonde chaka ndi chaka n'kumaveka mphete. Anapeza kuti timba wotchedwa Basra Reed Warbler, amene amaswana m'madambo a kummwera kwa Iraq, si wosochera ayi: amadzakhala m'chigwa cha Shire nyengo ya mvula, ndipo ena ankabwereranso pamalo omwewo chaka chotsatira. Akanapanda munthu mmodzi wakhama pa Nchalo, mbalameyi ikanalembedwabe ngati mlendo wamwadzidzidzi.

Zosocheradi zilipo, ndipo zambiri zimakhala zazing'ono, za ulendo woyamba. Katswiri wa ku Netherlands, A. C. Perdeck, anaonetsa chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950. Anagwira mbalame zoposa 11,000 za mtundu wa starling zili paulendo, n'kukazitulutsira ku Switzerland. Zikuluzikulu zinazindikira kuti zasunthidwa ndipo zinakhotera kumene zinazolowera. Anapiye a chaka chomwecho anangolunjika mbali imene anabadwa nayo m'mutu n'kukathera ku Spain ndi kummwera kwa France, kumene sanayenera kufika. Zili ngati mnyamata wopita ku Joni koyamba: akamutsitsa padepoti yolakwika amangopitirira, pomwe mtchona amadziwa kuti apa si pamene paja. Onjezanipo mphepo yamkuntho, chifunga cha m'mapiri ndi magetsi a m'tauni. African Pitta, mbalame yamawangamawanga yomwe imatsika kuchokera kufupi ndi equator mu Novembala ndi Disembala, imayenda usiku ndipo imadziwika ndi kudzigunditsa pa mawindo owala. Ambiri amene anaionapo anaiona itagwa pakhonde.

Ina imaoneka yachilendo chabe chifukwa cha kumene yachokera. Kamphamba ka miyendo yofiira kotchedwa Amur Falcon kamaswana kummawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kamapumira ku Nagaland ku India, kenako n'kuwoloka nyanja mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000 osatera. Kamafika kuno ngumbi zikamatuluka, ndipo timagulu take timawakha ngumbizo m'malere n'kumadyera momwemo. Mu 2012 zinaululika kuti pa damu la Doyang ku Nagaland komweko alenje ankapha mbalamezi zoposa 100,000 pachaka. Chaka chotsatira midzi ya kumeneko inaleka, ndipo zitatu zinavekedwa timakina totumiza uthenga ku setilaiti, zomwe zinaonetsa ulendo wonse mpaka kummwera kwa Africa.

Buku lalikulu la masiku ano ndi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, lomwe linatuluka mu 2006. Muli mitundu pafupifupi 650, ndipo yambiri ili ndi mapu ake. Linasonkhanitsa zimene anaona okha, zikopa za m'nyumba zosungiramo zakale, ndi zolemba za mamembala a bungwe lomwe pano ndi Wildlife and Environmental Society of Malawi. Koma mapu otere amaonetsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: kumene kuli mbalame, ndi kumene kunkakhala anthu a mabainokyula. Anthuwo ankakhala ku Zomba, ku Blantyre, ku Lilongwe, m'maesiteti a tiyi ndi a nzimbe, ndipo patchuthi ankapita ku Nyika, ku Liwonde kapena ku nyanja ya Chilwa.

Ntchisi nayo alendo amafikako, ndipo ili pa mndandanda wa BirdLife International wa malo ofunika pa mbalame. Koma wofika kumeneko amagona tsiku limodzi kapena awiri m'nyumba yakale ya bwana DC yomwe pano ndi malo ogona alendo, n'kulowa m'nkhalango yowirira kukafuna nkhulukulu wa mapiko ofiira ndi mbalame zina zokhazikika. Pansi pa mitengo yaitali ija thambo silioneka. Malo oyenera kudikirirapo zodutsa ndi pathanthwe loyang'ana kunyanja, cha m'ma 9 koloko mmawa mpweya ukayamba kukwera, kapena m'nkhalango ya mombo ndi masuku ya m'mphepete mwa phiri, mtundu wa nkhalango momwe Collared Flycatcher wa ku Ulaya amathera miyezi ya dzinja. Tsoka lake, mombo ndi umene ukutha msanga ndi makala ndi milimo ya zigafa.

Amene amaziona mbalamezi pafupi, kuzigwira m'manja n'kuzitembenuza, ndi anyamata a legeni ndi ulimbo, abusa a ng'ombe ndi otchera zinziri. Amadziwa kuti iyi si ya kuno, koma nkhaniyo imathera pamoto. Lero chithunzi cha pafoni chalowa m'malo mwa chikopa chija, ndipo chikhoza kuikidwa pa eBird, kaundula wa pa intaneti amene anayamba mu 2002, bola pakhale tsiku ndi dzina la malo. Mbalame ikapezeka ndi mphete kumwendo, nambala yonse ndi mawu onse olembedwapo ndi zimene zimafunika. Ofesi yosunga kaundula wa mphete za mbalame kummwera kwa Africa ndi SAFRING, ku University of Cape Town, ndipo wotumiza nambala amauzidwa dziko ndi tsiku limene mbalameyo inavekedwa.