Kuphunzitsa Ana Mafulakishoni a Magawo Angapo

Fulakishoni ya magawo angapo ndi ija imene nambala yake ya pamwamba imaposa 1, monga 2/3, 3/4 ndi 5/8. Nambala ya pansi imanena kuti chinthu chathunthu chagawidwa m'magawo angati ofanana, ndipo ya pamwamba imanena kuti pamagawowo mwatengapo angati. Ana ambiri amafika kusukulu akudziwa kale theka, chifukwa anagawanapo chimanga chowotcha ndi mbale wawo. Vuto limayamba pamene magawo otengedwa aposa limodzi.

Chofunika kuti mwana agwire ndi chakuti 3/4 ndi makota atatu. Kota ndi chinthu chowerengeka, ndipo 3 uja akungonena kuchuluka kwa makotawo. Mwana amene sanamve zimenezi amaona 3 ndi 4 ngati nambala ziwiri zosadziwana, ina pamwamba ina pansi. N'chifukwa chake akapatsidwa 1/4 + 2/4 amalemba 3/8: wawonkhetsa zapamwamba pazokha, zapansi pazokha. Yankholi silikwana ndi theka lomwe, chonsecho 2/4 payekha ndi theka kale. Kumuuza kuti "zapansi sitiwonkhetsa" kumamupititsa mayeso a mawa, koma sikumuchotsera chisokonezocho.

Mphunzitsi wabwino amayamba ndi manja. Mwana apinde pepala pakati, apindenso kachiwiri, atambasule: magawo anayi. Akuloza ndi chala, awerenge mokweza kuti kota imodzi, makota awiri, makota atatu, makota anayi, ndipo aone yekha kuti pamakota anayi pepala lonse latha, kuti 4/4 ndi 1. Kulemba manambala kubwere pambuyo. Nzimbe imakopa ngati chophunzitsira, koma mfundo zake sizitalikirana mofanana, ndipo magawo osafanana si makota ngakhale atakhala anayi.

Kenaka pamabwera gulu la zinthu. Zitsekerero za mabotolo 12 zigawidwe m'milu inayi, mulu uliwonse zitatu. Mulu umodzi ndiye kota. Mwana akakokera milu itatu kwa iye n'kuwerenga, apeza 9, amene ndi 3/4 ya 12. Ambiri amaima pamulu woyamba n'kunena kuti 3, poiwala kuti afunsidwa milu itatu. Pamenepa m'pofunika kudekha, kusintha kuchuluka kwa zitsekerero ndi kubwereza masiku angapo. Mzere wa manambala wojambulidwa pansi ndi kamtengo umathandizanso kuonetsa kuti 3/4 ndi nambala imodzi yokhala ndi malo ake pakati pa 0 ndi 1.

Silabasi ya ku England imaika 2/4 ndi 3/4 m'chaka chachiwiri cha pulayimale, ndipo m'chaka chachitatu, ana ali ndi zaka 7 mpaka 8, amaphunzira mafulakishoni otere ambiri okhala ndi nambala zazing'ono pansi.

Kuvuta kwa mafulakishoni amenewa si kwa ana okha. Alembi a ku Egypt wakale ankalemba pafupifupi fulakishoni iliyonse ngati mtolo wa magawo amodziamodzi, kupatula 2/3 imene inali ndi chizindikiro chakechake. Mpukutu wa gumbwa wotchedwa Rhind, umene mlembi Ahmes anakopera cha m'ma 1550 Yesu asanabadwe ndipo ukusungidwa ku British Museum mumzinda wa London, uli ndi mndandanda wautali wa zimenezi. M'menemo 2/5 analembedwa ngati 1/3 ndi 1/15.