Za Makomo Osamukasamuka a M'foni ndi M'kompyuta

Pamene kampani ya TNM inayamba ntchito mu 1995, ndi kutsatidwa ndi Celtel mu 1999, imene pambuyo pake inatchedwa Zain kenaka Airtel, anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe amene anayamba kugwira mafoni a Nokia anali pa mtendere ndithu, pakuti munthu akadziwa posinthira kulira kwa foni kapena nthawi, nzeru imeneyo inkamtumikirabe ngakhale atagula foni ina ya mtundu womwewo. Ndipo agogo osadziwa Chingerezi ankangoloweza kuti batani ili alidine kangati.

M'timashopu ta m'mbali mwa msewu wa M1, momwe anyamata ankaikira anthu nyimbo m'mafoni, makompyuta akale ankayendera Windows XP, ndipo zosintha zonse zinali pamodzi mu Control Panel. Koma Windows 8 itatuluka mu 2012, Microsoft inatsegula khomo lachiwiri osatseka loyamba, ndipo Windows 10 ya mu 2015 inapitiriza kusamutsira zinthu ku khomo latsopanolo la Settings pang'onopang'ono, monga mwini mudzi wosamutsa nkhokwe usiku anthu ali m'tulo, kotero kuti ngakhale katswiri ankafufuza printa m'makomo awiri.

Mafoni a Android anaonjezera chisokonezo, popeza Tecno, itel ndi Samsung aliyense amayala zake mwa njira yake. Tsono anyamata aja, podziwa kuti safunsa anadya phula, anapezapo ntchito yatsopano: kutsegulira akuluakulu intaneti, kukulitsa zilembo ndi kubwezera chilankhulo chimene mdzukulu anasintha.