Nasale Isanafike kwa Ndake

Kwathu kwa Mfumu Ndake, ku Nyimba, nasale ni cinthu ca dzulodzuloli. Sukulu yeniyeni ndiye ni yakale m'dela lathu la Ansenga. Amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr mu 1914, ndipo Akatolika anafika pa Minga mu 1923. Koma masukulu amenewo analibe nchito ndi tiana. Akuluakulu amasimbabe za mayeso aja opitiliza dzanja pamwamba pa mutu kuti ukagwile khutu la mbali ina. Dzanja likapanda kufika, unali kubwelela kunyumba kuti ukayambe wakula.

Lamulo loyamba la manasale m'dziko muno linabwela mu 1957, atsamunda akali kulamulila. Mu 1972 munabadwa bungwe la Zambia Pre-School Association. Kwa zaka zambili manasale anali m'manja mwa makhonsolo, machalichi ndi anthu olipilitsa, motelo anali kupezeka makamaka m'matauni. Unduna wa Maphunzilo unalandila udindowu mu 2004, ndipo mu 2013 boma linalemba aphunzitsi a nasale 1,000 n'kuyamba kutsegula makalasi a tiana pa masukulu a pulaimale. Kucokela pa Hofmeyr kufika pamenepo panapita zaka 99. Maphunzilo aulele, kuyambila nasale mpaka sekondale, anayamba mu 2022.

Nanga zaka zonsezo ana a kwa Ndake anali kungokhala? Funsoli limandivuta ndikamva anzanga a m'komboni akudandaula kuti mwana wa zaka zinai sadziwa kulemba dzina lake, ngati kuti pensulo ndiye sikelo yokha yopimila mwana.

M'zaka za m'ma 1970, Robert Serpell wa pa University of Zambia anapita ku midzi ya ku Katete kukafunsa akuluakulu kuti mwana wanzelu amamudziwa bwanji. Kumeneko n'kwa Acewa, inde, koma mayankho ao Mnsenga aliyense angawavomeleze. Iwo anasiyanitsa kucenjela ndi kutumikila. Mwana wocenjela amagwila zinthu msanga. Wotumikila ni uja mungamutume kwa ambuye ake ndi uthenga, n'kukaufikitsa wathunthu, n'kubwela ndi yankho osasocelela ku masewela. Kwa iwo nzelu zenizeni zinali zonse ziwili pamodzi, ndipo kucenjela pakokha anali kukukayikila. Taganizani zimene kutumidwa kumafuna kwa mwana wa zaka zisanu: amve mau, awasunge m'mutu, akumbukile njila, agwade popeleka moni, adziletse. Aphunzitsi a nasale lelo amayang'ana zomwezo, kungoti amazichula m'Cingelezi.

Mu 1979 Serpell anafalitsa kafukufuku wina amene ndimakonda kwambili. Anapatsa ana a ku Zambia ndi a ku England zinthu zofanana zoti atengele. Pojambula ndi pensulo papepala, a ku England anapambana. Popinda waya, athu anawasiya kutali, monga mungayembekezele kwa opanga magalimoto a waya. Poumba ndi dongo, analingana. Iye ndi anzake anakonzanso mayeso ochedwa Panga Munthu, omwe mwana amaumba munthu m'malo momujambula. Conco mwana amaonetsa luso lake pa cinthu cimene manja ake anazolowela.

Sindikunena kuti nasale ni yacabe. Mwana amene sanagwilepo buku amavutika mu Giledi 1, ndipo wa kwa Ndake ali ndi mtolo wina. Mu 2014 boma linati ana aang'ono aziphunzila m'cinenelo codziwika, ndipo ku Eastern Province cinenelo cimeneco cinali Cinyanja. Koma panyumba timalankhula Cinsenga. N'zapacibale, komabe mwana wolowa m'kalasi tsiku loyamba amamva kusiyana kwake. Makolo ena poona izi amaleka Cinsenga n'kumaponyela mwana timau twa Cingelezi tocepa tomwe adziwa. Ine ndimaona kuti apa mwana amaluza, cifukwa cimene cimamukuza ni kuculuka kwa mau amene amamva ndi kuyankha, ndipo kholo lililonse lili ndi mau ambili m'cinenelo cake.

Zambili zimene buku la aphunzitsi limafuna, pabwalo zilipo kale. Ciyato ni kuwelenga ndi kulimbitsa zala zomwe zidzagwila pensulo. Nthano za madzulo, zomwe omvela amayankha, zimaphunzitsa kutsatila nkhani kucokela poyamba mpaka pothela. Ng'ombe zadongo zimafuna maso ndi manja ogwilizana. Ngakhale pamsika wa Nyimba, m'mbali mwa Great East Road, mwana wokhala pafupi ndi amai ake ogulitsa nthoci amadziwa kusiyanitsa phava lalikulu ndi laling'ono asanaone bolodi. Kumudzi malo okumba dongo ni ambili. Kukomboni kuno mwina mungavutike kulipeza, koma waya, tupaniki twa mabotolo ndi kantemba kotumako mwana sizisowa.