Mkangano wa Afilosofi a ku Ulaya pa Kukhalapo kwa Zinthu

M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, afilosofi a ku Ulaya, omwe ndi akatswiri osanthula maziko a nzeru za munthu, ankalimbana ndi funso lakuti kodi maganizo paokha, popanda umboni wa maso, angatsimikizire kuti chinthu chilipodi. René Descartes, m'buku lake la Meditationes lomwe linasindikizidwa ku Paris mu 1641, anavomera potsitsimutsa mfundo yakale ya wafilosofi Anselm, nanena kuti Mulungu ndi wangwiro m'zonse, ndipo poti kukhalapo ndi mbali ya ungwirowo, sikungalekanitsidwe ndi Mulungu, monga momwe phiri silingaganiziridwe popanda chigwa. Chaka chomwecho wansembe Pierre Gassendi anamutsutsa kuti kukhalapo si ungwiro, koma ndi maziko amene ungwiro uliwonse umaimapo.

Gottfried Leibniz, amene mu 1676 anakachezera wafilosofi mnzake Spinoza ku The Hague, anaona kuti mfundo ya Descartes ili ndi mpata, pakuti pafunika kuyamba kwasonyezedwa kuti ganizo la wangwiroyo silidzitsutsa lokha. Iye anasiyanitsanso choonadi chosalephereka, chimene wochikana amadzitsutsa yekha monga zimakhalira m'masamu, ndi choonadi cha zochitika, chimene chikanatha kukhala mwina.

Ku Britain chikaiko chinalowera pa mayina a chigulu, kutanthauza mawu monga "munthu" kapena "mtengo" amene amaphatikiza zinthu zambiri. Thomas Hobbes mu 1651 anati chilichonse chimene chilipo n'chapachokha, ndipo dzina lokha ndilo la zonse, pamene John Locke mu 1690 anati magulu otere amapangidwa ndi maganizo akasiya kusiyana kwa zinthu n'kusunga kufanana kwake. David Hume mu 1739 anapitirira pamenepo: munthu akaona mpira ukugunda unzake, unzakewo n'kugubuduka, maso aona kutsatizana chabe, ndipo chikakamizo chimene amachiyesa kuti chili m'mipiramo chimachokera ku chizolowezi cha maganizo ake.

Immanuel Kant mu 1781 anakhwimitsa chitsutso cha Gassendi ndi chitsanzo cha ndalama 100 zotchedwa thaler, kuti zenizeni ndi zongoganizira n'zofanana m'chiwerengero, ngakhale kuti zenizeni zokha ndizo zimawonjezera chuma cha mwini wake. Phunziro lalikulu la zaka 140 zimenezi n'lofunikabe kwa aliyense wofuna choonadi: kufotokoza bwino chinthu sikutsimikizira kuti chinthucho chilipo.