Cholowa si chuma cha masiye

Wophunzira wina wa zaubusa, pokonza ulaliki wa pa Numeri 27, analemba kuti ana aakazi a Zelofehadi anamenyera chuma cha masiye cha bambo awo. Atafunsidwa chimene anasiyira mawu akuti cholowa, omwe ali m'Baibulo lake, anati cholowa ndi mawu a m'tchalitchi, pamene chuma cha masiye ndi mawu amene anthu amamva pa wailesi ndi ku ofesi ya DC. Maganizo akewo ndi omveka, koma mawu anasankhawo akuphimba mutu weniweni wa nkhaniyi.

Zelofehadi anafera m'chipululu, ndipo sanasiye munda. Pamene Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza ankaimirira pamaso pa Mose, wansembe Eleazara ndi atsogoleri pa khomo la chihema, Aisraele anali adakali m'zigwa za Mowabu, asanawoloke Yordano. Kalembera wa m'mutu 26 anali atawerenga amuna a zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo dziko linali loti ligawidwe potsata mayina amenewo. Banja lopanda mwana wamwamuna likanalowa m'dzikomo lilibe pake. Choncho atsikanawa ankapempha gawo m'nthaka imene anali asanaipondepo.

Chuma cha masiye timachidziwa tonse: njinga, mbuzi, nyumba ya malata, ndalama za penshoni, zimene achibale amakhalirana pansi kugawana maliro akatha. Ndi zotsala za munthu, ndipo zikagawidwa nkhani yatha. Mawu achihebri akuti nahala akunena za gawo limene banja lapatsidwa kuti likhalepo mibadwomibadwo, mwini nthaka ali Mulungu, monga Levitiko 25 akunenera. Ndi chifukwa chake Naboti anakana kugulitsa munda wake wamphesa ngakhale wogula anali mfumu Ahabu.

Omasulira Buku Lopatulika la 1922 anasankha bwino potenga mawu akuti cholowa, amene pa nthawiyo ankalembedwa kuti colowa. Kwathu munthu amalowa ufumu, amalowa dzina, amalowa m'malo mwa malume ake. Wolowa amasenza udindo, sangolandira katundu. Dandaulo la ana a Zelofehadi linalinso lomweli, lakuti dzina la bambo awo lisafafanizike m'banja lawo chifukwa chosowa mwana wamwamuna.

Ena amawakana mawuwa ponena kuti amanunkha chokolo. N'zoona kuti mneni wake ndi yemweyo, ndipo Deuteronomo 25 ali ndi lamulo lofanana ndi chokolo, la mwamuna wotenga mkazi wa mbale wake amene wamwalira wopanda mwana. Koma kwa ine ichi ndi chifukwa chowasungira. Pa kulowa chokolo, mkazi ndi wolowedwa, amawerengedwa pamodzi ndi katundu. Pa Numeri 27 akazi ndiwo olowa. Mlaliki amene wamva kusiyana kumeneku m'chinenero chake ali ndi ulaliki wathunthu popanda kubwereka mawu akuti jenda.

Tisaikokomezenso nkhaniyi. Lamulo limene linatuluka linapatsa mwana wamkazi cholowa pokhapokha ngati palibe wamwamuna. Wopatsa ana aakazi cholowa pamodzi ndi alongo awo ndi Yobu, kumapeto kwa buku lake. Pa Numeri 36 akuluakulu a fuko la Manase anadandaula kuti nthaka idzapita ku fuko lina atsikanawo akadzakwatiwa, ndipo analamulidwa kukwatiwa m'fuko lawo lomwe. Wowerenga wa ku Dedza kapena ku Mulanje, kumene munda umatsata mbumba ndipo mwamuna amadzakhala mkamwini, sadabwa kuti mwana wamkazi agwire nthaka; nkhawa ya m'mutu 36 amaimva ngati nkhawa ya chitengwa. Wa ku Mzimba kapena ku Karonga amaimva mwa mtundu wina. Mawu akuti cholowa amakwanira onsewa chifukwa sanena kuti wolowa akhale mwamuna kapena mkazi.

Mawu achiwiri ovuta ndi chilungamo. Tawasenzetsa katundu wambiri. Tikati nena chilungamo, tikutanthauza zoona. M'mapemphero munthu wolungama ndi wosamwa, wosatukwana, wosaphonya Sabata. Chilungamo cha Mulungu tikachimva choncho, chimasanduka khalidwe la mumtima lopanda bwalo, lopanda mboni, lopanda malire a munda. Koma mawu achihebri amene ali pa ndime 5 ya Numeri 27 ndi mishipati, ndipo akutanthauza mlandu. Mose anatenga mlandu wa atsikanawo n'kupita nawo kwa Chauta. Yankho linali lakuti iwo akunena zoona. Pofika pa ndime 11 mawu omwewo abweranso, tsopano akunena za lamulo loweruzira Aisraele onse. Dandaulo la anthu asanu amene lamulo linawaiwala linasanduka lamulo.

Pano Chichewa sichikusowa kanthu. Tili ndi mlandu, bwalo, odandaula, kuweruza, chigamulo. Timanenanso kuti mlandu suwola, ndipo Yoswa 17 akutsimikiza zimenezi: dziko likugawidwa, akazi omwewo anapitanso kwa Eleazara ndi Yoswa kukakumbutsa chigamulo chija, ndipo anapatsidwa gawo lawo. Wophunzitsa za chilungamo cha Mulungu m'Chichewa ayambire pa mawu a pabwalo amenewa, chifukwa ndi amene mkazi wamasiye wolandidwa nyumba angawagwire ndi manja.

Vuto n'lakuti mawu oterewa alibe pokulira. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994 limatchula kulanda akazi katundu, kuphatikizapo wolandira kwa omwalira, ngati mchitidwe woyenera kuthetsedwa. Lamulo la 2011 loona za chuma cha masiye limanena kuti kulanda katunduyo ndi mlandu. Onsewa analembedwa m'Chingerezi, ndipo m'khoti mayi wodandaula amamva za nyumba yake kudzera mwa womasulira. Abusa nawonso amaphunzira m'Chingerezi n'kukalalikira m'Chichewa, aliyense akumasulira yekha pa guwa. Chichewa chinalengezedwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, koma mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Chinenero chimene sichiloledwa kuganiza za malamulo chimayamba kusakaniza mawu amene makolo ankawasiyanitsa.

Sindikukana kubwereka. Mawu akuti wilu akhale, popeza kalata yotero inabwera ndi makhoti ndipo tinalibe dzina lake. Chimene ndikukana ndi kutaya mawu athu akuya chifukwa chakuti ofesi imagwiritsa ntchito ena. Centre for Language Studies ku Zomba, imene inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ikhalire pamodzi ndi omasulira Baibulo, oweruza milandu ndi mafumu, atulutse mndandanda wa mawu a za nthaka ndi za omwalira, wosiyanitsa cholowa, chuma cha masiye, gawo ndi mphatso. Lamulo la 2011 likhalenso m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao pa ofesi iliyonse ya DC. Ana a Zelofehadi anatha kudandaula chifukwa ankamva chinenero cha lamulo limene linawasiya kunja, ndipo mayi wa ku Mchinji ayenera kupatsidwa mwayi womwewo.